Mzere wa faiba womwe unkagwa m'bandakucha

Mwezi wa Juni, kampani ina yaing'ono yogulitsa intaneti inandiitana chifukwa mzere wake wa faiba, chingwe cha ulusi wa galasi chonyamula intaneti pogwiritsa ntchito kuwala, unkaduka m'mamawa n'kubwerera wokha dzuwa likakwera. Ntchito yanga ndi yophunzitsa amisiri omanga ndi kukonza mizere ya faiba ya panja, ndiye mkulu wa kampaniyo ankafuna zinthu ziwiri: ndipeze vuto, komanso ndimuuze ngati anyamata ake anayi akuidziwa ntchito kapena akungodya ndalama. Kampani, boma komanso anthu sindiwatchula. Dera lake ndi lokwera, la m'chigawo chapakati, kumene chisanu cha Juni ndi Julayi sichichita masewera.

Mzere wake

Mzerewu ndi wa makilomita pafupifupi 18. Umachoka ku ofesi ya paboma n'kukathera pansanja ina pamsika wa kumudzi, ndipo kuchokera pansanjapo intaneti imagawidwa pa wailesi kupita kusukulu ya sekondale, chipatala chaching'ono, magolosale ndi ma ejenti otumiza ndalama pafoni. Chingwe chake ndi cha ADSS, cha ulusi 24 wa single-mode wa mtundu wa G.652.D, m'machubu 4 a ulusi 6 chilichonse. Chimayenda pamapolo amitengo a kampani yomweyo, m'mbali mwa msewu wafumbi. ADSS ilibe chitsulo m'kati. Mphamvu yake ili mu ulusi wachikasu wa aramid womwe uli pansi pa khungu lakunja, ndi ndodo yolimba ya FRP yomwe ili pakati penipeni. Mfundo imeneyi muisunge, nkhani yonse yagona pamenepo.

Chingwe chinabwera pamadiramu a makilomita 4, choncho mapu a kampani ankaonetsa majointi 4, malo omwe zingwe ziwiri zimalumikizidwa m'bokosi. Ulusi womwe unkagwira ntchito unali umodzi wokha, wabuluu wa m'chubu chabuluu, pogwiritsa ntchito ma SFP, tizipangizo totumiza ndi kulandira kuwala kumapeto kwa mzere, a mtundu wa BiDi. Awa amatumiza ndi kulandira pa ulusi umodzi: kuchokera ku ofesi kupita kunsanja kuwala kunali kwa 1550 nm, pobwerera kunali kwa 1310 nm (manambalawa amasiyanitsa mitundu ya kuwala).

Makampani ngati amenewa achuluka. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, intaneti imatipeza kudzera m'mayiko oyandikana nawo monga Mozambique ndi Tanzania, komwe zingwe za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy zinafika mu 2009 ndi 2010. ESCOM ili ndi faiba pamizere yake ya magetsi, ndipo ntchito ya boma yofikitsa faiba m'maboma inayamba mu 2017. Mizere ikuluikulu ikafika paboma, otsala kuti aifikitse kumisika ndi m'makwalala ndi makampani ang'onoang'ono, ndipo iwo amalemba aliyense amene wanyamula pepala lolembedwa kuti anaphunzira faiba.

Momwe zinayambira

Oyamba kudandaula anali a kuchipatala, omwe amatumiza malipoti m'mawa odwala asanachuluke. Netiweki inkagwa cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'bandakucha, ikamakwana 8 koloko yabwerera. Sikuti zinkachitika tsiku lililonse.

Nsanja imayendera sola, ndiye aliyense anathamangira mabatire. Sizodabwitsa: chinthu cha sola chikamazima m'bandakucha, kawirikawiri ndi batire lomwe latha mphamvu. Anagula mabatire atsopano ndi ndalama zambiri, koma vuto silinasunthe. Anasintha ma SFP mbali zonse ziwiri, anapukuta makonekita. Ntchito zonsezi ankazichita masana, netiweki ili bwinobwino, ndiye nthawi iliyonse ankabwerera ku ofesi akuti takonza. Pomaliza anabwereka OTDR, makina omwe amaponya kuwala mu ulusi n'kuonetsa pomwe kukutayika. Anayeza cha m'ma 11 koloko m'mawa, pa 1310 nm pokha, kuchokera mbali imodzi, makinawo atawasiya pa auto. Kuwala kotayika mumzere wonse kunali pafupifupi 8 dB, zomwe zikugwirizana ndi masamu: makilomita 18 pa 0.35 dB iliyonse ndi 6.3 dB, kuonjezerapo majointi ndi makonekita. Analemba kuti faiba ilibe vuto.

Nditafika sindinayambe ndi kukwera polo. Ndinapempha kuti anditsegulire switch ya kunsanja, makina a netiweki momwe SFP imalowetsedwa. Inkaonetsa kuti chisinthireni mabatire sinazimepo, chonsecho netiweki inali itagwa kangapo m'masiku omwewo. Nkhani ya magetsi inathera pomwepo. Panalinso china chomwe mayi wa kudesiki yolandira madandaulo anachiona koma palibe anamufunsa: usiku wa mitambo netiweki sinkagwa, inkagwa kukacha kopanda mtambo. Likanakhala batire zikanakhala zosemphana, chifukwa dzuwa likawala tsiku lonse batire limagona lokhuta. Koma usiku wopanda mitambo ndi umene umazizira kwambiri.

Ma SFP ambiri amatha kunena mphamvu ya kuwala komwe akulandira. Tinakonza kuti manambalawo azilembedwa mphindi 5 zilizonse mbali zonse ziwiri, usiku wonse. Zomwe tinapeza zinatsegula nkhani. Ku ofesi, komwe amalandira 1310 nm, masana kunali pafupifupi -14 dBm (nambalayi ikamatsika kutalikira 0, kuwala kukuchepa), m'bandakucha kunkatsika pang'ono kufika cha m'ma -15.5 dBm. Kunsanja, komwe amalandira 1550 nm, masana kunali -14.5 dBm, koma usiku kunkatsetsereka pang'onopang'ono mpaka -24 dBm, pomwe SFP imeneyo imasiya kumva cha m'ma -23 dBm. Dzuwa likatuluka nambala inkakweranso.

Ngakhale nambala ya masana inali yokayikitsa kale. Ulusi wabwino umataya pafupifupi 0.22 dB pa kilomita pa 1550 nm, kuchepera pa zomwe umataya pa 1310 nm. Pamzere uwu mbali ya 1550 inkayenera kulandira kuwala kochuluka kuposa inzake ndi 2 dB kapena kuposerapo. Zikafanana, ndiye kuti penapake pali chomwe chikudya 1550 yokha. Konekita yakuda kapena jointi yosagwira bwino imadya mbali zonse ziwiri mofanana kapena moyandikana. Chomwe chimasankha ndi kupindika. Kuwala kwa 1550 nm kumayenda motambasuka, sikukhala kothinana pakati pa galasi ngati kwa 1310 nm, ndiye ulusi ukapindika kwambiri ndi komwe kumayamba kuthawira kunja. Tinadziwa kuti tikufuna ulusi wopindika, ndipo kupindikako kumakula kukazizira.

Kufufuza malo ake

Tinayezanso ndi OTDR, koma ulendo uno m'bandakucha, netiweki itagwa kale, kuti tisadule makasitomala masana. Tinaika chingwe choyambira cha mamita 500 kutsogolo kuti konekita yoyamba ioneke, tinayeza pa 1310 ndi 1550, kenako tinabwereza kuchokera kunsanja. Tinachotsanso auto. Makina aja anali atasankha okha pulse, nthawi yomwe kuwala kumaponyedwa ulendo umodzi, ya 1 microsecond, yomwe imafika patali koma imaphatikiza zinthu zoyandikana mamita 100 kapena kuposerapo n'kuzionetsa ngati chimodzi. Titatsitsa kufika pa 100 nanosecond n'kupatsa makina nthawi yokwanira, pomwe poyamba pankaoneka kasitepe kamodzi kakang'ono pachithunzi cha OTDR, kosonyeza kuwala kotayika, panatuluka masitepe awiri, pa makilomita 11.3 ndi 11.45. Loyamba linali laling'ono. Lachiwiri linali pafupifupi 1.5 dB pa 1310 koma loposa 10 dB pa 1550. Pamapu panalibe jointi pamalo amenewo. Jointi yachitatu inali pa 11.9.

Tinayeza ulusi wonse 24. Ulusi wa m'chubu chabuluu wonse unali ndi vuto pamalo omwewo, wina kwambiri wina pang'ono. Machubu ena atatu anali oyera. Chosankha choyamba chinali chosavuta: tinasamutsa netiweki kuchoka pa ulusi wabuluu kupita pa ulusi wa m'chubu chobiriwira, kungosintha mapachikodi, tizingwe tifupitifupi tolumikizira ulusi ku makina, mbali zonse ziwiri. M'mawa wotsatira netiweki sinagwe.

Apa ndi pomwe nkhani zambiri zimafera. Mkulu uja ataona kuti madandaulo atha anati basi, ulusi wotsala ndi wambiri, tisaonongenso ndalama. Ndinamuuza kuti chomwe chakoka chubu chimodzi sichinachoke, chidzakokanso china, ndipo jointi yomwe palibe akuidziwa ndiye kuti palibenso akudziwa ngati inatsekedwa bwino. Mvula ya Novembala ikanatiyankha yokha. Anavomera monyinyirika, n'kutuma galimoto kuti ikatsegule jointi yachitatu poti ndi yomwe inali pafupi pamapu. Ndinakana. Mtunda wa pa OTDR ndi wa ulusi, si wa msewu. Machubu amazungulira ndodo ya pakati, chingwe chimalendewera pakati pa mapolo, ndipo pajointi iliyonse pamakhala chotsala chokulungidwa. Zonsezi zimatalikitsa ulusi kuposa zomwe galimoto imawerenga. Njira yodalirika ndi kuyambira pajointi yodziwika yomwe ikuoneka pa OTDR, n'kuwerenga chobwerera pogwiritsa ntchito manambala a mamita omwe amadindidwa pakhungu la chingwe.

Ndinafunsa gulu lonse ngati panachitikapo kanthu mamita 450 usanafike pajointi yachitatu. Anyamata anangoyang'anana. Amene anayankha anali bambo wachikulire yemwe amayendetsa galimoto ndi kukwera mapolo, munthu yemwe anagwirapo ntchito pamizere yakale ya matelefoni a kopa.

"Aphunzitsi, pamenepo ndi paja lole ya fodya inakola chingwe mwezi wa Epulo. Anyamatawa anakonza usiku."

Loleyo, mabelo atasanjikizidwa mpaka kumwamba, inadutsa pomwe chingwe chimaoloka msewu n'kuchidula. Anyamata awiri anaikapo chidutswa cha mamita 150 ndi mabokosi awiri a jointi, netiweki inabwerera usiku womwewo, onse anayamikiridwa. Palibe analemba paliponse.

Zomwe tinapeza m'bokosi

Ndinapempha kuti bokosi alitsitse ndi kulitsegula mnyamata yemwe analimanga, ine ndingoimirira pambali. Linali bokosi la dome, lomangirira kupolo ndi waya, makomo olowera zingwe atayang'ana cham'mbali m'malo moyang'ana pansi. Pakhomo, m'malo mwa chubu chofinya ndi moto, panali tepi yakuda ya magetsi yokulungizidwa mochindikala, ndipo dzuwa linali litaisungunula guluu mpaka inkaterereka ndi chala. Khungu la chingwe linali litabwerera m'mbuyo pafupifupi masentimita 2, chizindikiro chake chikuonekera patepipo. M'kati munali fumbi lofiira, timadontho ta madzi pansi pa chivundikiro, ndi nyerere zomwe zinali zitayamba kusonkhanitsa mazira kuseri kwa thireyi, kambale komwe ulusi wolumikizidwa umagonekedwa.

Kachitsulo komangira ndodo ya pakati kanali kopanda kanthu, bawuti yake isanakhudzidwepo chichokereni kufakitale. Ndodo ya FRP inali itadulidwa molingana ndi khungu, aramid chimodzimodzi. Kunena kwina, chingwe chonse chinkagwiridwa ndi tepi komanso timalamba tapulasitiki tomwe tinamanga machubu kuthireyi. Chubu chabuluu ndi chomwe chinadulidwa chachifupi kuposa anzake, ndiye chinali choyamba kukokeka. Ulusi wake m'thireyi unali wa masentimita ngati 30 okha, pomwe timafuna mita imodzi kapena kuposerapo kuti uzungulire momasuka, kupindika kwake, poyeza kuchoka pakati pa mkombero kufika m'mphepete, kusachepere mamilimita 30. Pulasitiki imafupika kukazizira kuposa momwe galasi limachitira, ndipo ndodo ija ndi imene imayenera kuletsa kuti kufupikako kusafike kuthireyi. Popanda iyo, usiku uliwonse wozizira chingwe chinkadzikoka, chubu n'kutsatira, ulusi n'kumangika pakadzino ka thireyi ngati chingwe cha mbuzi chomwe chazungulira pachikhomo. Titaunika ndi tochi yofiira ya 650 nm, pakadzinopo panayaka.

Majointi enieniwo, pomwe galasi linasungunulidwa n'kulumikizidwa, anali abwino kwambiri. Onse 24. Mitundu inali m'ndondomeko yake, palibe ulusi wosemphana. Bokosi linalo linamangidwa chimodzimodzi, kungoti machubu ake anali ataliatali pang'ono, nthawi yake inali isanakwane.

Achotsedwe kapena ayi

Mkulu wa kampani ankafuna kuchotsa mnyamatayo ntchito ndi kudula ndalama za mabatire pamalipiro a onse awiri. Ndinapempha kuti asagamule ndisanawayese onse anayi.

Patebulo, mnyamata yemweyo anali katswiri. Ankasenda ulusi, kuupukuta ndi isopropyl, kuudula ndi cleaver, makina olumikizira ulusi otchedwa splicer n'kulemba kuti kuwala kotayika ndi 0.02 dB. Mitundu 12 ankaitchula osapumira: buluu, olenji, wobiriwira, bulawuni, mpaka aqua. Kenako ndinapatsa aliyense mamita angapo a ADSS ndi bokosi latsopano kuti akonze kuyambira pachiyambi. Onse anayi anatsegula khungu ndi mpeni wamba. Onse anayi anadula aramid ndi ndodo ya pakati n'kutayira pansi. Nditafunsa m'modzi chifukwa chake anati, "Zimenezi n'zongodzadzira chingwe, aphunzitsi, zimasokoneza potseka."

Onse anali ndi mapepala a maphunziro a sabata imodzi, ochokera pamalo amodzi. Momwe anafotokozera, sabata yonseyo anakhala m'chipinda, akulumikiza tizidutswa ta ulusi tosendasenda kale. Bokosi la jointi analiona pachithunzi. Mayeso anali oti makina alembe nambala yochepera 0.05 dB. Nambala imeneyotu si muyeso weniweni: splicer imayang'ana chithunzi cha malo olumikizidwawo n'kuyerekeza. Muyeso weniweni umachokera pa OTDR, mbali zonse ziwiri, n'kutenga pakati. Ndinayang'ananso chikwama chawo cha zida. Munalibe chotsegulira khungu la chingwe, munalibe chofinyira ndi moto, munalibe ngakhale kiyi wa bawuti ya kachitsulo kaja. Munthu amene wam'tumiza usiku opanda zida zimenezi, ngakhale atadziwa, adzagwiritsabe ntchito tepi.

Ndinauza mkuluyo kuti akachotsa mnyamatayo alemba wina wa pepala lomwelo, ndipo adzataya dzanja labwino kwambiri pagululo. Ndalama za mabatire zinapita chifukwa palibe anatsegula switch asanagule, ndipo amene anagula si anyamatawo. Sanasangalale nazo, koma anavomera maphunziro, n'kugula zida.

Maphunziro ake

Splicer ndinaitsekera m'kabati masiku oyambirira. Anyamata anadandaula, poti kwa iwo ntchito ya faiba ndi makinawo. Kuseri kwa ofesi tinazika mapolo atatu n'kukokapo zotsala za chingwe, ndipo zonse tinkachitira panja, padzuwa ndi pamphepo, pomwe ntchito yeniyeni imachitikira.

Chinthu chomwe chinathandiza kuposa zonse sichinali changa. Bambo achikulire aja ankadziwa kukoka chingwe, kuona kulendewera koyenera pakati pa mapolo, kumanga ma dead-end omwe amagwira chingwe kupolo, kusiya kagoli koti madzi a mvula azidontha asanafike pakhomo la bokosi, ndi kutseka jointi kuti madzi asalowe. Anazichita zaka zambiri pa kopa. Kungoti pakampanipo ankaonedwa ngati dalaivala chifukwa splicer sankaidziwa, ndipo usiku wa lole uja anawauza kuti agwire tochi. Ndinawaika kutsogolo pa maphunziro onse a polo ndi bokosi. Poyamba anyamata ankaseka chamumtima, koma ataona bambowo akumanga ndodo ya pakati n'kukoka chingwe ndi manja awiri osasuntha ngakhale pang'ono, anayamba kufunsa okha. "Madala, aramid mumaimanga bwanji kuti isaterereke?" Kenako anyamatawo ndi omwe anawaphunzitsa bambowo kulumikiza. Maso awo amavutika kusiyanitsa wotuwa ndi woyera kukada, koma masana amalumikiza bwino ndithu.

Aliyense ankamanga bokosi lake yekha, ndipo linkayesedwa m'njira zomwe panja palinso. Ndinkakoka chingwe bokosi lili lotsegula, onse akuyang'ana thireyi: chubu chikangosuntha, wayambiranso. Likatsekedwa tinkalimiza mudiramu la madzi usiku wonse, m'kati titaikamo kapepala kouma. M'mawa kapepalako ndi komwe kankapereka malikisi. Tinabwereza malamulo a kapindidwe ka chingwe: pochikoka, kupindika, poyeza kuchoka pakati pa mkombero kufika m'mphepete, kusachepere kunenepa kwa chingwecho kuchulukitsa ka 20, chikakhazikika ka 10. Pachingwe cha mamilimita 12 ndiye kuti nkhata yosungira chotsala isachepere masentimita 24 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo ine ndimawauza kuti aikulitse kuposa pamenepo.

Pa OTDR sindinawaphunzitse mabatani okha. Ndinkabisa mavuto mumzere wathu wa kuseri, titaonjezera madiramu otsala kuti utalike: apa ndakulunga ulusi pa bolopeni, apo ndagwira konekita ndi chala chamafuta, pena ndaika jointi yoipa dala. Iwo ankayenera kunena kuti vuto ndi lanji, lili pati, asanapite kukaona. Pa zimenezi mnyamata wamng'ono pa onse, yemwe patebulo anali wochedwa, ndi amene anatsogola. Amadekha, amayerekeza mizere iwiri ya 1310 ndi 1550 asanatsegule pakamwa. Tinaonanso jointi yomwe imaoneka ngati ikuonjezera kuwala ukayeza mbali imodzi, zomwe zimachitika ulusi wa madiramu awiri ukasiyana pang'ono, ndipo anamvetsa chifukwa chake timayeza mbali zonse.

Za chitetezo ndinazilowetsa mu ntchito iliyonse m'malo mozipatsa tsiku lakelake. Kuwala kwa 1310 ndi 1550 sikuoneka ndi maso, choncho palibe kusuzumira mu ulusi kapena mukonekita. Tizidutswa ta galasi timalowa m'botolo lotseka, osati pansi pomwe ana a m'mudzi amadzatola zotsala mukachoka. Pokwera, lamba ndi chisoti, wina agwire makwerero, ndipo polo lamtengo uliyese kaye patsinde ngati chiswe sichinadye. Pomwe mzere ukuyandikira mawaya a magetsi, chingwe kukhala chopanda chitsulo sikuteteza munthu wonyamula makwerero a aluminiyamu.

Kukonza, ndi zomwe zinatsatira

Mayeso omaliza anali malo enieni aja. Panalibe chotsala choti tingodula n'kumanganso mabokosi, choncho tinachotsa chidutswa chonse cha Epulo n'kuika chachitali, chokhala ndi mamita 15 okulungidwa mbali iliyonse kuti bokosi lizitha kutsika mpaka patebulo pansi. Tinazika mapolo ataliatali pooloka msewu. Makasitomala anauzidwiratu, ntchito inachitika Lamlungu masana, ndipo tinayamba kulumikiza chubu chobiriwira kuti netiweki ibwerere msanga. Mnyamata uja anamanga bokosi lomwelo lomwe linam'vuta, bambo aja ali pambali pake. Asanatseke, aliyense anajambula thireyi, kachitsulo ka ndodo ndi manambala a mamita a pachingwe, n'kutumiza pagulu la WhatsApp la kampani limodzi ndi malo a GPS. Mapu anakonzedwa tsiku lomwelo.

Tinayeza ulusi wonse, 1310 ndi 1550, mbali zonse, ndipo tinabwereza m'bandakucha. Palibe jointi yatsopano inapitirira 0.1 dB. Kunsanja SFP inayamba kulandira pafupifupi -11.5 dBm, usana ndi usiku, ndipo inakhala pomwepo mwezi wonse wa Julayi. Mafayilo a OTDR anasungidwa pakompyuta ya ofesi kuti aliyense wodzayeza m'tsogolo akhale ndi poyerekezera.

Popeza anayiwo anali atamanganso mabokosi ena pamizere yaifupi ya m'tauni, ndinalangiza kuti onse atsegulidwe mvula isanayambe. Ambiri anapezeka ndi matenda omwewo, ndipo limodzi linali kale ndi madzi m'kati. Anawamanganso m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala. Majointi 4 oyambirira a mzere waukulu, omwe anamanga kontirakitala, anali bwino. Dzinja lonse mzerewo unaduka kamodzi, nthambi ya bulugamu itagwera pachingwe. Anyamata anapeza malo ndi OTDR asanachoke pa ofesi, anakonza, analemba.

Si onse anakhoza. M'modzi analephera mayeso a diramu mobwerezabwereza chifukwa cha phuma, amafinya chubu mbali imodzi n'kusiya mpata kunsi, ndipo ndinalemba kuti asatseke bokosi yekha mpaka adzayesedwenso. Wa OTDR uja anapeza ntchito ku kampani yaikulu miyezi ingapo pambuyo pake, mkulu uja n'kundiimbira foni modandaula kuti ndam'phunzitsira anzake. Zimenezi zilipo, ndipo ndi chifukwa china chomwe makampani ang'onoang'ono amazengerezera kulipira maphunziro athunthu.

Kwa anzanga ophunzitsa, maganizo anga ndi akuti kulumikiza ulusi tikukupatsa nthawi yambiri kuposa momwe kukuyenerera. Makina a masiku ano amachita okha gawo lalikulu, ndipo munthu wa manja odekha amakuphunzira msanga. N'kosavutanso kuyesa, poti nambala imatuluka pagalasi la makina, wophunzira n'kusangalala, mphunzitsi n'kusaina. Kumanga bokosi kumadya zipangizo: chingwe chenicheni, machubu ofinya omwe sagwiranso ntchito kawiri, mapolo, malo. N'chifukwa chake maphunziro otchipa amakudumpha. Ngati TEVETA, yomwe yakhala ikuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, kapena olemba ntchito eniake atafunsa funso limodzi lokha asanavomere pepala, ndingakonde likhale lakuti wophunzirayu anamanga mabokosi angati ndi manja ake, ndipo anayesedwa bwanji.

Chinanso ndi nthawi yoyezera. Vuto lomwe limabwera ndi kuzizira, kutentha kapena mphepo silipezeka pa ola lomwe amisiri amakonda kugwira ntchito. Wophunzira azolowere kufunsa kuti limayamba nthawi yanji, kunja kuli bwanji, ndipo awerenge manambala a SFP asanapemphe galimoto. Pankhani iyi manambalawo analipo kuyambira tsiku loyamba, aulere, m'kati mwa switch.

Chomwe sichinathe mpaka pano ndi OTDR. Kampaniyo ikubwerekabe, ndipo mwini wake amaifuna madzulo a tsiku lomwelo, zomwe zikutanthauza kuti kuyeza kwa m'bandakucha kumafuna kukambirana mwapadera ndi kulipira kawiri. Podikira kuti agule yawo, tinagwirizana kuti switch izitumiza uthenga pafoni ya woyang'anira kuwala kolandiridwa kukatsika ndi 2 dB kuchoka pa nambala yomwe tinalemba titakonza, ndipo mabokosi onse azitsegulidwa kamodzi pachaka, mwezi wa Sepitembala.